Tsiku Limene Ndinakana Kutwika Akazi Anga

Akazi anga anayamba ndi kugwetsa zinthu. Kapu ya tiyi inkapulumuka m'manja mwawo popanda wowagunda, singano inkawathawa, ndipo mabatani a bulauzi yawo ya kutchalitchi ndinayamba kuwamangira ndine. Iwo ankati zala zachita dzanzi chifukwa cha chisanu. Chisanu chinatha, kunabwera dzuwa lija limene limafewetsa phula pa msewu wa ku bwalo la ndege, koma dzanzi osachoka. Lamulungu lina tikuchokera ku mapemphero ndinaona kuti akuyenda ndi nsapato imodzi. Inayo inali itavuka kumbuyo, iwo osamva. Ndinabwerera kukaitola.

Kuchipatala chachikulu ku Blantyre anawajambula khosi. Dokotala wake anali mwana woti tikanam'bala ife, koma wodekha. Anatisonyeza timafupa ta m'khosi tosanjikana, tina titaperepeseka ngati mphero yakale. Anati timafupato tikufinya mtsempha waukulu umene umatsika kuchokera kumutu kupita kumsana, ndipo n'chifukwa chake manja ndi mapazi zikuleka kumva.

"Amayi asasenzenso kanthu pamutu, ngakhale ndowa ya madzi," anatero. "Akasenza cholemera, kapena akapunthwa ali ndi katundu pamutu, akhoza kugwa osadzukanso."

Akazi anga anaseka pang'ono. "Nanga mutuwu ndiziuchita chiyani, adokotala? Ungokhala wovalira duku?"

Dokotala sanaseke. Inenso sindinaseke, pakuti ndinkadziwa chimene ankanena. Mu mpingo wathu muli mayi wina amene anagwa ndi thumba la chimanga akupita kuchigayo. Zaka zapita ali pamphasa. Ana ake ndi amene amam'tembenuza, kum'sambitsa ndi kum'ingitsira ntchentche. Maso okha ndiwo amoyo, amatitsatira tikamalowa kukapemphera naye. Kuchokera tsiku la kuchipatala lija, ndikalowa m'nyumba imeneyo pemphero linkatuluka modukaduka.

Chiyambire pamene ndinapuma ntchito ya uphunzitsi, nyumba yathu yaimira pa nandolo ndi khobwe. Akazi anga amakapikula ku Lirangwe, kumene alimi amabwera nazo pa njinga, n'kudzagulitsa pa timbale kumsika wa ku Chileka kuno. Ulendo wake ndi wa minibasi ziwiri, kusinthira pa Kameza. Akatsika pa siteji yathu, pamatsala kamtunda ndithu kodzera njira ya kumapazi, ya mchenga ndi miyala, yodutsa pa chigwembe chimene pali ulalo wa mitengo. Kamtunda kameneko thumba linkayenda pamutu pawo.

Thumba lodzaza munthu sadzisenzetsa yekha. Pamafunika womutwika: mwini katundu amapinda chitenje kukhala nkhata, n'kugwada bondo limodzi, mnzake n'kugwira makutu a thumba, n'kukweza pamodzi mpaka litakhazikika. Kwathu kuno mzimayi akati "nditwikeni," palibe amene amakana. Ngakhale mlendo wothamangira basi amaima. Ngakhale anthu amene anayambana pa malire a munda amatwikana, mlandu n'kudzaupitiriza mawa. Wokana amaoneka ngati alibe umunthu. Mwambo wabwino umenewu ndiwo unayamba kundisowetsa tulo. Ine ndikanatha kukana, koma dziko lonse linali lokonzeka kuwathandiza.

Ndinanena za kabaza. Iwo anati kabaza adya phindu lonse, ndiye kuli bwino angokhala pakhonde n'kumawerenga ndege. Ndinanena za wilibala. Anandifunsa kuti ndi kondakitala uti amene angalole wilibala m'minibasi. Mkamwini wathu, amene amagwira ntchito ku bwalo la ndege, atamva nkhaniyi anabwera ndi kangolo ka mawilo awiri kokankha ndi manja, kopindika, kamene a m'tauni amakatcha tolole. Kanali konyezimira, kopepuka ngati ambulera, mawilo ake ochepa ngati zivundikiro za mabotolo a mafuta ophikira. Tinam'thokoza kwambiri, pakuti anachita ndi mtima wonse.

Kangolo kameneko kanafa pa ulendo woyamba wa kuchigayo. Mawilo anazama mumchenga, akazi anga anakoka mwamphamvu, chogwirira chinakhota, wilo limodzi n'kuguluka. Ine ndinali m'mbuyo pang'ono, ndikulankhula ndi mkulu mnzanga wa mpingo. Pokhota pa mtengo wa mango ndinawapeza atapinda kale nkhata, akuyang'ana uku ndi uku kufuna wowatwika. Ndinathamanga, ine amene ndinaleka kuthamanga kalekale. Tsiku limenelo tinapeza wa njinga. Koma ndinaphunzira chinthu: kangolo kofooka n'koopsa kuposa kusowa kangolo. Kamakutengera thumba pakati pa njira n'kukusiya pomwepo, pamene patsala mutu wokha.

Choncho ndinaganiza zokasankha ndekha ku Limbe. Ndisananyamuke ndinawapempha kuti asachoke pakhomo.

"Mwandiyesa mbuzi, bambo? Tengani chingwe mundimangirire pa mtengo."

"Ndikanakhala nacho cholimba ndikanatero, mayi."

"Pitani. Musakagule china chonyezimira."

M'minibasi monse maganizo anali kunyumba. Ndinkakumbukira kuti mumtsuko munatsala madzi ochepa, ndi kuti mjigo suli pafupi. Mzimayi aliyense wosenza amene tinkam'pitirira m'mbali mwa msewu ndinkam'tembenukira mpaka atabisika.

Ndinalowa masitolo angapo a zitsulo. M'sitolo iliyonse ankandionetsa pepala lomatidwa pa kangolo, lonena kulemera kumene kangathe kunyamula. Ka mkamwini kaja kanalinso ndi pepala lotero, choncho sindinkaliwerenga. Ndinkagwada n'kumayang'ana kunsi. Ndinkafuna kuona ngati mawilo akhala pa chitsulo chimodzi chodutsa uku mpaka uku, kapena ngati lililonse langokoleka pa kapulasitiki kake. Ndinkapapasa mowotcherera monse ndi chala. Ndinkapinda ndi kutambasula, kupinda ndi kutambasula, kumvetsera ngati mopindikiramo muli lobodolobodo. Ena mwa anyamata ogulitsa ankatopa nane n'kupita kwa makasitomala ena.

M'sitolo ina yakumapeto, yamdima, ya fungo la penti ndi simenti, ndinapeza mitundu iwiri imene inandigwira mtima. Wina unali wa mateyala opopa, onenepa, oyenda mofewa. Wina unali wachitsulo chakuda, wolemererapo, wa mawilo aakulu ngati mbale yodyera, a mphira yokhayokha yopanda mpweya. Wogulitsa anali bambo wa kamimba, wa pensulo kukhutu.

"Madala, tengani wopopayu. Ngati Benzi. Thumba silimva n'komwe kuti lili pa ulendo."

"Njira ya kwathu ili ndi minga," ndinayankha. "Likaphwa pakati pa njira, pampu ndiipeza kuti?"

"Ndiye tengani wa asilikaliyu. Koma ndi wolemera, ndipo mtengo wake ndi wolemeranso."

Ndinam'pempha kuti aike matumba a simenti pa wa asilikali uja. Anaika limodzi. Ndinati aonjezere. Anaonjezera, akung'ung'udza kuti sanadye m'mawa. Ndinapendeketsa kangoloko, ndinakakankha mpaka pakhomo, ndinakatsitsa pa sitepe mwadala kuti kagunde, n'kukakwezanso. Kenako ndinagwada kuyang'ana chitsulo cha pansi chija, chokhala ngati fosholo, pamene pamakhala katundu. Sichinakhote. Ndinabwereza kachiwiri.

"Mukufuna kunyamulira chiyani, madala, injini ya galimoto?"

"Nandolo."

"Nandolo basi? Ndiye mukundivutitsiranji chonchi?"

Ndinamuuza za khosi la akazi anga. Anachotsa pensulo kukhutu, n'kuiyang'ana, n'kuibwezeranso. Anatsitsa simenti, n'kundiuza kuti ndiimepo ine. Ndinaima pa chitsulocho nditagwira chipewa, iye n'kundiyendetsa pakati pa mapaipi ndi zitini za penti, anthu a m'sitolo akuseka. Pomaliza anandisonyeza kachitsulo kokhomera chogwirira kuti chisapindike chokha, nandiuza kuti ndizidontheza mafuta pamenepo nyengo ya mvula. Pa mtengo tinakambirana mwaulemu, ndipo anatsitsako. Kanali kodula kuposa tonse timene ndinaona kupatula kamodzi, koma mtima wanga sunatsutse. Panja ndinagula malegeni, timizere ta machubu akale tomangira katundu.

Nditafika kunyumba, mtsuko unali wodzaza. Sindinafunse kuti wadzaza bwanji. Ndinaopa yankho lake.

Tsiku la msika wa ku Lirangwe tinapita tonse awiri. M'mawa tinawoloka ulalo wa pa chigwembe pouma, kangolo kali kopinda m'khwapa mwanga. Pa siteji kondakitala anakayang'ana ndi diso loipa.

"Agogo, chimenecho chilipira mpando."

Ndinakalowetsa pansi pa mpando, kanakwana bwinobwino ngati anakayezera pomwepo.

"Aa, kameneka ndi kophunzira," anatero kondakitala. "Kwerani."

Ku Lirangwe kunali dzuwa loswa mtengo. Akazi anga anayenda pakati pa matumba monga amachitira, kulowetsa mkono mpaka m'chigongono kuti aone ngati pansi sanabisepo wofumbwa, kuluma njere kuti amve kuuma kwake. Kale ankadziwa ndi zala; tsopano mano okha ndiwo ankawauza zoona. Thumba litadzaza ndi kusokedwa, mlimi amene anatigulitsa anagwira kale makutu ake kuti awatwike, pakuti ankawadziwa. Ndinatambasula kangolo msangamsanga. Amayi anzawo ogula anaunjikana.

"Anzathu agula galimoto!"

"Ndiye aphunzitsi ndi dalaivala kapena kondakitala?"

"Ndi apolisi," anayankha akazi anga. "Andimanga."

Onse anaseka, iwonso anaseka, koma chogwirira sanachikhudze. Ndinakankha ndine mpaka pa msewu. Kangolo kanadutsa m'miyala ndi m'maenje osadandaula, ndipo kwa nthawi yoyamba m'miyezi yambiri ndinapuma mpweya wofika pansi.

Tikuyandikira pa Kameza ndinaona kuti kumadzulo, cha kwathu, kwada bii. Titatsika pa siteji yathu tinapeza kuti mvula yoyamba yagwa kale, yamphamvu, n'kukata. Nthaka inkatuluka nthunzi. Njira inali matope, koma mawilo aakulu aja ankadula bwino. Ndinayamba kudzitama mumtima. Kenako tinamva mkokomo.

Chigwembe chija chinali chitadzaza madzi ofiira, othamanga, onyamula mapesi ndi mapepala a pulasitiki. Pa ulalo panatsala mitengo iwiri yokha, yonyowa, yoterera; inayo madzi anali atapita nayo. Mawilo awiri sakanaponda pamenepo. Ndinaima nditagwira chogwirira, mutu utaima. Zonse ndinaziganizira m'sitolo muja, mchenga, minga, miyala, kondakitala, koma ulalo sindinauganizire, chifukwa masiku onse ndinkaupeza uli wathunthu. Kumwamba kunayambanso kugunda. Nandolo akanyowa amafufuma n'kuchita nkhungu, ndipo m'thumba limenelo munali mpamba wathu wonse.

Nditacheuka, akazi anga anali akumasula chitenje cha pamwamba.

"Nditwikeni, bambo."

"Ayi, mayi."

"Ndi apa ndi apo. Ndawoloka pano ndi katundu ana athu asanabadwe."

"Ayi."

"Ndiye senzani inu."

Ankadziwa kuti sindingathe, pakuti ndinachitidwa opaleshoni ya m'mimba ndipo kusenza sindinakuzolowere. Anapinda nkhata pamaso panga, pang'onopang'ono, zala zikuwakanika, n'kuiika pamutu. Ndinayang'ana mitengo iwiri ija, n'kuyang'ananso mapazi awo amene sankamva pansi.

Nthawi yomweyo kumbuyo kwathu kunatulukira mzimayi wachitsikana, wa khasu paphewa, wochokera kumunda. Sitinkam'dziwa. Akazi anga anam'patsa moni, n'kunena mawu aja.

"Mwanangu, tanditwika."

Iye sanafunse kanthu. Anaika khasu pansi, n'kuyamba kumasula malegeni. Ndinanena kuti asiye, koma mawu anga anamira mu mkokomo wa madzi, kapena anayesa kuti ndikungochita ulemu. Anatsitsa thumba pa kangolo, n'kugwira makutu ake. Akazi anga anagwada bondo limodzi m'matope.

Ndinakhala pa thumbalo. Ndinangodzigwetsera pamenepo ndi thupi langa lonse, mkulu wa mpingo, wa jekete, kukhalira chakudya pamaso pa mlendo. Mzimayi uja anabwerera m'mbuyo, atagwira pakamwa.

"Bambo, dzukani," anatero akazi anga, mawu ali pansipansi. "Mukuchita zamisala."

"Sindidzuka."

"Mvula ikubwera."

"Ibwere. Awole nandoloyu."

"Agogo, ndalakwa chiyani?" anafunsa mzimayiyo. Nkhope yake inaonetsa kuti wanyozeka. Anabwera kudzathandiza, ndipo wakanidwa ngati wakuba.

Ndinam'fotokozera ndili chikhalire. Mawu ankatuluka osalongosoka, za timafupa, za mtsempha, za nsapato yovuka. Akazi anga anali chigwadire, nkhata ili pamutu, akuyang'ana madzi. Matenda awo anali asanauzeko munthu wakunja, ndipo ine ndinali kuwaulula pa njira.

Mzimayi uja anatiyang'ana tonse awiri. Kenako anatambasula dzanja, n'kuchotsa nkhata pamutu pa akazi anga mwaulemu, n'kuiika pamutu pake.

"Ndiye nditwikeni ineyo, agogo."

Ndinadzuka. Akazi anga anafuna kugwira mbali ina ya thumba, ndinawaletsa ndi dzanja. Mzimayiyo anagwada, ndinagwira makutu a thumba, tinakweza. Litakhazikika ndinaona khosi lake likulowa pang'ono m'mapewa, mitsempha itatuluka, ndipo ndinafuna kunena kuti titsitse. Koma anali atanyamuka kale. Anavula masilipasi ndi zala za kumapazi, n'kuponda mtengo woyamba.

Sindikudziwa ngati ndinapuma iye ali pa ulalopo. Ankasuntha phazi limodzi, n'kukoka linalo, thupi lili chilili, maso ali kutsogolo. Pakati penipeni mtengo umodzi unagwedezeka, iye anaima, thumba linapendama pang'ono, dzanja lake n'kulibweza. Ndinali nditaika mwana wa eni pa malo pamene ndinakaniza akazi anga. Akanagwa, ndikanakanena chiyani kwa amake, ine wosam'dziwa ngakhale mudzi wake? Anafika kutsidya, n'kuwerama, thumba n'kugwera pa udzu.

"Bweretsani galimoto yanuyo!" anafuula akuseka.

Ndinapinda kangolo, n'kukamangirira kumsana ndi malegeni. Tsopano panatsala kuwolotsa akazi anga. Ndinawauza kuti avule nsapato. Ndinatsogola chambali, nditawagwira mikono yonse iwiri, ndikuwauza poponda chifukwa mapazi awo sakanawauza. "Patsogolo pang'ono. Kumanzere. Pondani." Anamvera mawu alionse osayankha, chinthu chimene sichichitika kawirikawiri m'banja mwathu. Zikhatho zawo zinali zozizira. Pamenepo ndinadziwa kuti iwonso akuopa, ndi kuti akhala akuopa kuyambira kale.

Kutsidya tinakweza thumba pa kangolo. Mzimayi uja anabwerera kukatenga khasu lake, anakana nandolo amene tinafuna kum'tapira, n'kulowera njira ina. Madontho oyamba anayamba kugwa. Ndinavula jekete n'kufunditsa thumba. Pamene ndinkati ndigwire chogwirira, ndinapeza akazi anga agwira kale. Anapendeketsa kangoloko monga anandionera, n'kuyamba kukankha.

"Mwandichititsa manyazi pamaso pa mwana," anatero akazi anga.

"Inde, mayi."

"Kukhalira nandolo, munthu wamkulu."

"Inde."

"Koma n'kopepuka kameneka." Anakankha mwamphamvu kudutsa pa muzu. "Musaganize kuti ndakukhululukirani."

Sabata yotsatira ndinachita chinthu chimene sindinamvepo munthu atachita kwathu kuno. Ndinayenda khomo ndi khomo m'mudzi, ndinapita kwa amayi a kumsika, kwa a pa mjigo, ndi kwa alimi aja a ku Lirangwe, kuwapempha kuti akazi anga akati "nditwikeni," akane. Ena anamvetsa. Ena anaseka, nati aphunzitsi ayamba nsanje ya ukalamba. Mayi wina wachikulire anandiuza poyera kuti iye sangathe, pakamwa pake sipangatuluke mawu otero kwa mnzake; chimene angachite n'kusenza yekha. Ndinati zimenezo zandikwanira. Tinagwirizananso ndi akazi anga kuti kukagwa mvula azizungulira njira ya kusukulu, imene ndi yaitali koma ili ndi mlatho wa simenti.

Kangolo kakugwirabe ntchito. Penti yakuda inakhukhuluka m'mbali, malegeni tasintha kangapo, koma mawilo ndi omwe aja. Dzanzi silinathe, koma silinakwerenso. Alendo a pa njira okha ndiwo sindingathe kuwafikira, ndipo ndi ambiri, onse a mtima wabwino.

Masiku ano miyendo sindiyikhulupirira kwenikweni, moti ku Lirangwe sindipitako ulendo uliwonse. Ndikatsala, dzuwa likapendeka ndimapita kukaima pa chulu cha kuseri kwa nyumba, pamene njira imaonekera patali. Maso anga sazindikiranso nkhope pa mtunda wotero. Ndimangoona kachithunzi ka munthu kakubwera, ndipo ndimayamba ndayeza kutalika kwake. Kakakhala kakatali, kotambalala pamwamba, mtima umaima mpaka munthuyo atapitirira n'kukhala wina. Kakakhala kakafupi, kowerama pang'ono, kokankha chinthu patsogolo, ndimatsika pa chulu n'kukatereka madzi a tiyi.